Kochi wamkulu ndi wachiwiri wake amasiyana chifukwa chiyani?

Mbewe wa ku Chilenje:
Abale a pa gulu lino, pali nkhani imene imabwerera chaka ndi chaka mu ligi yathu ya mpira kuno ku Zambia koma sitiikamba mozama. Loweruka kochi wamkulu ndi wachiwiri wake ali pa benchi limodzi, akunong'onezana, akukumbatirana chigoli chikalowa. Lachiwiri mukumva kuti wachiwiriyo wachoka. Kalabu imangolemba kuti agwirizana kusiyana mwamtendere, basi. Inu amene mumadziwa zam'kati mwa ntchitoyi tithandizeni. Chimene chimaphwanya ubale umenewu n'chiyani kwenikweni? Ndalama, mpando, kapena kusiyana maganizo pa kaseweredwe?

A Lungu (Kabwata):
A Mbewe, musanafike pa ndalama ndi mpando, funsani kaye kuti wachiwiriyo anamulemba ntchito ndani. Yankho la funso limeneli limakuuzani kale mmene awiriwo adzasiyanirane.

Pali wachiwiri amene kochi amabwera naye. Ameneyu ndi munthu wake. Kontrakiti yake imayamba tsiku limodzi ndi ya bwana wake, ndipo bwanayo akachotsedwa iyenso amalongedza, ngakhale alibe mlandu uliwonse. Ndiye pali wina amene kochi amamupeza pa kalabu, amene waona makochi atatu kapena anayi akubwera n'kupita iye ali pomwepo. Malipiro ake ndi tsogolo lake zili m'manja mwa komiti, osati mwa kochi. Mavuto ambiri amabadwira apa, ndipo nthawi zambiri sipakhala munthu woipa mtima. Kungoti wachiwiriyo ali ndi mabwana awiri. Wapampando akamuimbira foni Lamlungu usiku kuti "nanga dzulo zinatani?", achite bwanji? Akakana kuyankha, wanyoza amene amamulipira. Akayankha, kochi adzamva ndithu, chifukwa m'kalabu chinsinsi sichigona masiku awiri. Kuyambira pamenepo kochi sadzamuuzanso mayina 11 oyamba mpaka Lachisanu madzulo, ndipo wachiwiri amene sadziwa timu sangakonze training ya nzeru.

Kuno kwathu zimenezi zimalemera kwambiri chifukwa cha mmene makalabu ambiri anakhazikitsidwira. Green Buffaloes ndi ya asilikali, Red Arrows ndi ya asilikali a ndege a ZAF, Nkwazi ndi ya apolisi, Green Eagles ndi ya Zambia National Service (ZNS), Zanaco ndi ya banki. Sindikuloza chala kalabu iliyonse, ndikukamba kamangidwe chabe. Pa kalabu ya bungwe, wachiwiri akhoza kukhala wantchito wa bungwelo, wokhala ndi udindo wake ndi penshoni yake, pamene kochi wamkulu ndi wobwera wa kontrakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri. Munthu wotere ndi khoswe wa pa mkhate, ukati umuponye mwala uswa mkhate womwe. Awiriwo akasemphana, wotuluka pa geti amakhala wamkuluyo.

Zulu_Matero:
A Lungu mwakamba zoona, koma ku Ulaya nakonso ziliko. Ray Wilkins anali wachiwiri wa Carlo Ancelotti ku Chelsea pamene anatenga ligi ndi FA Cup mu 2010. Mu Novembala chaka chomwecho kalabu inamuchotsa n'kuikapo Michael Emenalo. Sanali Ancelotti amene anamuthamangitsa. Ancelotti naye anachotsedwa mu Meyi 2011. Kalabu ikafuna kuonetsa kochi kuti mphamvu zili kwa ndani, imayamba yazula amene amakhala pambali pake.

Mbali inayo, onani Ruud van Nistelrooy ku Manchester United. Anabwera mu 2024 kudzathandiza Erik ten Hag. Ten Hag atachotsedwa mu Okutobala, iye anagwirizira timu masewera 4 osaluza. Ruben Amorim atafika ndi anthu ake a ku Sporting, malo a Van Nistelrooy anathera pomwepo. Sanakangane ndi aliyense. Kochi watsopano sanafune kuti pa benchi pakhale munthu amene osewera ndi ochemerera amuona kale ngati bwana.

Mai Sakala (Kamwala):
Nonse mukuyang'ana kumtunda, kwa komiti. Ine ndikuti mng'alu umayambira pa bwalo la training, pakati pa Lachiwiri ndi Lachisanu, pamene palibe wa nyuzipepala kapena kamera.

Tengani sabata imene masewera ali Loweruka. Lamlungu amene anasewera mphindi zoposa 60 amangomasula thupi, otsalawo amapatsidwa ntchito yolemera kuti asatsalire. Lolemba kupuma. Lachiwiri ndi tsiku la mphamvu, timasewera ta 4 kwa 4 kapena 5 kwa 5 pa malo ang'onoang'ono. Lachitatu bwalo lalikulu, 10 kwa 10, kuthamanga mtunda. Lachinayi kukonzekera timu imene mukumana nayo. Lachisanu mopepuka, mphindi 45 mpaka 60, makona ndi ma free kick. Pa makalabu ambiri amene amalemba ndondomeko imeneyi, kuyala ma cone, kugawa mabibu ndi kugwira wezulo ndi wachiwiri. Wamkulu amaima pambali manja m'thumba, akuyang'ana amene watopa, amene akubisa kuvulala, amene nkhope yagwa.

Zimaonongeka motere. Sabata yonse wachiwiri waphunzitsa anyamata kuthamangira adani kutsogolo komwe, mabaki akukwera mpaka pa mzere wapakati. Lachisanu usiku wamkulu wagwidwa ndi mantha, pa msonkhano akuti mawa tibwerera kumbuyo tonse, tidikire. Loweruka akutsogolo akuthamangira mpira monga anazolowera, mabaki akhala pansi monga anauzidwa usiku, pakati pasiyidwa dambo la mamita 30 kapena 40 ndipo mdani akungodutsamo. Mwaluza 2-0. Wamkulu akuti training inali yolakwika. Wachiwiri akuti plan inasinthidwa usiku. Onse awiri akunena zoona.

China chimene chimapha ubale msanga ndi kudzudzulana pamaso pa osewera. Wachiwiri ali pakati pofotokoza, wamkulu akulowa m'bwalo n'kunena kuti "ayi, si choncho, siyani zimenezo". Zikachitika kawiri katatu, anyamata sadzamveranso wezulo wa wachiwiriyo, adzayamba ayang'ana kaye kwa bwana. Malo otsutsana ndi mu ofesi, chitseko chotseka, ola limodzi training isanayambe. Mukatuluka, mawu akhale amodzi.

Daka wa ku Mtendere:
Mai Sakala, onjezerani nthawi yopuma ya pakati pa masewera. Ndi mphindi 15 zokha, ndipo mukachotsa kuyenda popita ndi pobwera zimatsala mwina 10. Makochi odziwana amasiya osewera amwe madzi ndi kupuma mphindi 3 zoyamba, iwo ali pa khonde akugwirizana mfundo ziwiri kapena zitatu. Kenaka wamkulu akamba, wachiwiri akonza za makona ndi kutenga mmodzi mmodzi pambali. Osadziwana amalowa onse akukuwa. Wamkulu akuuza baki wakumanja kuti asakwere, wachiwiri pa chitseko akumunong'oneza kuti akwere chifukwa mdani wake watopa. Mnyamatayo atuluka ndi malamulo awiri.

Malamulo a mpira amalola munthu mmodzi yekha pa nthawi imodzi kuimirira n'kupereka malangizo pa mzere wa benchi. Kuyambira 2019 a pa benchi amapatsidwa makadi, ndipo woimbira akalephera kudziwa amene wanyoza, khadi limapita kwa kochi wamkulu amene alipo. Ndiye wachiwiri wa pakamwa potentha amatha kudyetsa bwana wake khadi lofiira. Za kusintha osewera nazonso. Mumaloledwa osewera 5 koma pa mipata 3 yokha kupatula nthawi yopuma. Amene amasunga chiwerengero chimenechi ndi wachiwiri. Akasokoneza, mipata yatha, wina wavulala mphindi ya 80, timu imaliza ndi anthu 10.

Zulu_Matero:
Zonsezo nzoona, koma manje tisazembe mawu amene aliyense amanena ku Soweto Market ndi m'minibasi, akuti wachiwiri amakumba dzenje. Timu ikaluza katatu, kochi akuikidwa pa "administrative leave" (kuimitsidwa kaye ntchito), wachiwiri akugwirizira, ndipo anyamata omwe aja amene ankayenda ngati odwala ayamba kuthamanga ngati agwape. Mukufuna kundiuza kuti zimangochitika?

A Lungu (Kabwata):
A Zulu, okumba dzenje alipo, sindikana. Zizindikiro zake n'zodziwika. Timu imene kochi wasankha imatuluka pa WhatsApp asanailengeze. Wosewera amene wasiyidwa amauzidwa kumbali kuti "ndikanakhala ine ukanasewera". A komiti amadziwa mawu amene anakambidwa m'chipinda chovalira, mawu enieniwo. Zitatuzi zikaonekera pamodzi, kochi ali ndi chifukwa chokayikira.

Koma kuthamanga kwa anyamata kochi akachoka si umboni. Amene anali pa benchi aona mwayi watsopano, amene anali ndi malo otsimikizika achita mantha, ndipo kawirikawiri kochi amachotsedwa timu ili pansi penipeni pamene kulibenso kwina kopita koma kukwera. Hansi Flick anabwera ku Bayern mu 2019 ngati wachiwiri wa Niko Kovač. Mu Novembala, ataluza 5-1 kwa Eintracht Frankfurt, Kovač anachoka, Flick anagwirizira, ndipo mu Ogasiti 2020 anatenga Champions League atamenya Barcelona 8-2 panjira. Osewera anali omwewo. Kodi tinene kuti Flick anakumba dzenje? Kapena kalabu inali ndi kochi wabwino kwambiri pa mpando wachiwiri?

Vuto lenileni ndi lakuti kalabu ikaika munthu wamphamvu pafupi ndi kochi popanda kochiyo kumupempha, yaika kale mlowam'malo m'nyumba. Avram Grant, amene tonse tikumudziwa kuno chifukwa anadzaphunzitsa timu ya dziko lathu ya Chipolopolo, anafika ku Chelsea mu Julayi 2007 ngati mkulu woyang'anira za mpira, osati wachiwiri. Mu Sepitembala José Mourinho anachoka, Grant n'kutenga timu mpaka fainolo ya Champions League ku Moscow mu 2008. Makochi onse amaidziwa mbiri ngati imeneyi. N'chifukwa chake akaona komiti ikuwabweretsera "wowathandiza", tulo timatha.

Mwale K. (Kalingalinga):
Ndiikepo mbali imene imatikhudza ife kwambiri, ya kochi wochokera kunja. Mlendo akafika sadziwa Chinyanja kapena Chibemba, sadziwa kuti bwalo liti limakhala ndi fumbi, liti limadzaza madzi mu Januwale, ulendo wa basi wopita ku Solwezi umatopetsa bwanji. Maso ake, makutu ake ndi pakamwa pake ndi wachiwiri wa kuno.

Apa pamabuka zinthu ziwiri. Choyamba ndi kumasulira. Kochi wakalipa ndi mawu akuthwa, wachiwiri akudziwa kuti mnyamata wa kwathu ukamunyoza pagulu wamutaya, ndiye amafewetsa. Kochi akuona kuti wakamba mwaukali koma anyamata akungogwedeza mitu mwamtendere. Tsiku lina wosewera womva bwino Chingelezi kapena Chifalansa amuuza kuti zimene mumanena si zimene timamva. Chikhulupiriro chatha pomwepo, ngakhale wachiwiriyo ankateteza bwana wake yemweyo.

Chachiwiri, mavuto onse a anyamata amapita kwa wachiwiri. Maliro kumudzi, lendi ya nyumba, alawansi yochedwa, mwana ali m'chipatala. Pakapita miyezi 6 timu yonse ili m'manja mwake, osati chifukwa anaifuna, koma chifukwa ndiye amene amamva chinenero cha mavuto awo. Kochi wanzeru amagwiritsa ntchito zimenezi, m'mawa uliwonse amafunsa kuti lero ndani ali ndi vuto. Wopanda nzeru amachita nsanje n'kuyamba kuletsa osewera kukamba ndi wachiwiri popanda iye. Akatero wadzitseka makutu yekha.

Mai Sakala (Kamwala):
A Mwale mwakhudza pabwino. Palinso za kulemba osewera atsopano. Mlendo sadziwa ma division apansi, ndiye mayina amachokera kwa wachiwiri. Akabwera anyamata 4 n'kulephera atatu, mphekesera imayamba kuti wachiwiriyo amadya ndi ma agent. Kaya nzoona kaya bodza, mankhwala ake ndi amodzi: wosewera aliyense asanasainidwe pakhale pepala losonyeza amene anamutchula, masewera angati anamuonera, ndi siginecha ya kochi wamkulu kuti wavomera. Popanda pepala, wabwino amakhala wa bwana, woipa amakhala wa wachiwiri.

Daka wa ku Mtendere:
Tibwere ku ndalama, chifukwa a Mbewe anafunsa. Chimene chimapweteka si kusiyana kwa malipiro, aliyense amadziwa kuti wamkulu amalandira zambiri. Chimapweteka n'chakuti wamkulu akukambirana kontrakiti yatsopano payekha, wachiwiri akumva kwa ena. Kapena bonasi ya kupambana yalembedwa m'kontrakiti ya wamkulu, ya wachiwiri ndi ya pakamwa, "tidzaona". Kapena wamkulu walandira malipiro a mwezi uno, wachiwiri ali ndi miyezi 3 osalandira, ndipo wamkuluyo sanakane kulandira kapena kukamuyankhulira ku ofesi.

Pa malamulo, kuyambira Januwale 2021 FIFA inaika gawo la makochi m'malamulo ake a makontrakiti. Kalabu ikalephera kulipira malipiro a miyezi iwiri, kochi amailembera kalata n'kuipatsa masiku osachepera 15. Ikapanda kulipira, ali ndi ufulu wothetsa kontrakiti. Akachotsedwa popanda chifukwa chomveka, amayenera kulandira ndalama za nthawi yonse yotsala, koma akapeza ntchito ina m'nthawi imeneyo zimene akulandira kumeneko zimachotsedwapo. Zimenezi zimagwiranso kwa wachiwiri ngati ntchito yake ndi kuphunzitsa osewera kapena imafuna laisensi ya ukochi. Koma dziwani kuti khomo la FIFA limatsegukira nkhani zodutsa malire, monga kochi wa dziko lina pa kalabu ya kuno. Wachiwiri wa ku Zambia pa kalabu ya ku Zambia amadalira njira za m'dziko muno, za bungwe lathu la mpira la FAZ kapena khoti la za ntchito. Ndiye tsiku limodzi benchi lonse likachotsedwa, mlendo ali ndi njira yake, mwana wa kuno ali ndi ina.

Lamulo la Employment Code la 2019 linaika gratuity, ndalama zolandira kontrakiti ikatha, ya 25 peresenti ya malipiro oyambira pa kontrakiti yopitirira miyezi 12, koma si gulu lililonse la antchito limene lili m'menemo. Wachiwiri aonetsetse kuti yalembedwa m'kontrakiti mwake mwachindunji. Aonenso mzere umene umati kontrakiti yake imatha ikatha ya kochi wamkulu. Mzere umenewu ukakhalapo popanda kutchula chipukuta misozi, bwana adzatuluka ndi ndalama za miyezi yotsala, iye adzatuluka ndi thumba la nsapato.

Mbewe wa ku Chilenje:
Nanga amene agwira limodzi zaka zambiri, ndalama zilipo, zikho zilipo, n'kusiyanabe? Kumeneko komiti ilibe mlandu.

A Lungu (Kabwata):
Nkhani imene imandikhudza mtima pa zimenezi ndi ya Brian Clough ndi Peter Taylor ku England. Anayamba limodzi ku Hartlepools mu 1965. Ntchito anaigawa momveka. Taylor anali ndi diso, ankayenda mabwalo ang'onoang'ono kufunafuna osewera amene ena sanawaone. Clough anali ndi pakamwa, ankatenga osewera amenewo n'kuwasandutsa akatswiri. Anatenga ligi ndi Derby County mu 1972. Mu 1974 Clough anapita ku Leeds yekha, Taylor anatsala ku Brighton kumene awiriwo anapita atachoka ku Derby, ndipo Clough anangokhala ku Leeds masiku 44. Atakumananso ku Nottingham Forest mu 1976, anakweza timu mu 1977, kutenga ligi mu 1978, chikho cha Ulaya mu 1979 ndi 1980. Palibe amene angatsutse kuti awiriwa ankafunana.

Koma chilonda chinalipo kalekale. Ali ku Derby, Taylor anatulukira kuti Clough anakwezedwa malipiro osamuuza. Pa wailesi ya kanema woonekera anali Clough, dzina lotchuka linali la Clough. Mu Meyi 1982 Taylor anati wapuma ntchito. Mu Novembala chaka chomwecho anakhala kochi wamkulu wa Derby, adani enieni a Forest. Mu 1983 anasaina John Robertson, yemwe uja anagoletsa chigoli chopambanira fainolo ya 1980 pokumana ndi Hamburg, osamuuza Clough. Sanayankhulanenso. Taylor anamwalira mu Okutobala 1990, Clough anangofika pa maliro.

Apa sipanali kusiyana pa kaseweredwe, sipanali komiti pakati. Munthu anagwira theka la ntchito kwa zaka zambiri, koma ulemu umene ankalandira sunafike theka. Wamkulu amene satchula dzina la wachiwiri wake pamaso pa atolankhani, amene amati "ndinaona" pa chinthu chimene anaona mnzake, akusunga ngongole imene idzafunsidwa tsiku lina.

Zulu_Matero:
Mu 2018 maubale awiri otchuka anatha miyezi yoyandikana. Željko Buvač anagwira ndi Jürgen Klopp zaka 17, ku Mainz, Dortmund ndi Liverpool. Anachoka kumapeto kwa Epulo, pakati pa masewera awiri a semifainolo ya Champions League ndi Roma, kalabu inangoti zifukwa zake ndi za iye mwini. Malo ake anadzatenga Pepijn Lijnders, ndipo chaka chotsatira Liverpool inatenga chikhocho. Mu Meyi Rui Faria anasiya Mourinho ku Manchester United, nayenso patapita zaka 17, ndipo kenaka anakakhala kochi wamkulu wa Al-Duhail ku Qatar. Mourinho anachotsedwa mu Disembala chaka chomwecho. Wina anasintha wachiwiri timu n'kukwera, wina anataya wachiwiri zinthu n'kugwa.

Mai Sakala (Kamwala):
Chimene chimachitika pa zaka zambiri n'chakuti benchi limakula. Kale panali anthu atatu, kochi, wachiwiri ndi wa magoloboyi. Lero pali wa zolimbitsa thupi, wa mavidiyo, wa makona ndi ma free kick monga Nicolas Jover amene Arsenal inamutenga ku Manchester City mu 2021. Ntchito iliyonse mwa zimenezi kale inali ya wachiwiri. Wakale uja akuona kuti bwana akumvera kwambiri mnyamata wa laputopu, mawu ake pa msonkhano akuchepa, udindo ulipo koma ntchito yapita. Ambiri amachoka chifukwa cha zimenezi popanda mkangano ngakhale umodzi.

Ndipo kusintha wachiwiri si tsoka nthawi zonse. Alex Ferguson anakhala ku Manchester United zaka 26 koma achiwiri ake ankasinthasintha. Archie Knox anapita ku Rangers mu 1991, Brian Kidd ku Blackburn mu 1998, Steve McClaren ku Middlesbrough mu 2001, Carlos Queiroz ku Real Madrid mu 2003, anabwerera mu 2004, n'kuchokanso mu 2008 kukatenga timu ya dziko la Portugal. Aliyense wobwera ankabweretsa training yatsopano, osewera osatopa ndi mawu amodzimodzi. Kuno timadikira mpaka anthu adane ndiye tisinthe.

Mwale K. (Kalingalinga):
Pa za kufuna mpando wako, chitsanzo chapafupi ndi Rulani Mokwena. Anali m'gulu la Pitso Mosimane pamene Mamelodi Sundowns inatenga CAF Champions League mu 2016, chaka chimene inatulutsa Zesco United mu semifainolo. Mu 2017 anapita ku Orlando Pirates kukakhala wachiwiri wa Milutin Sredojević, Micho yemwe uja anadzaphunzitsa Chipolopolo kuyambira 2020 mpaka 2021. Micho atachoka mu Ogasiti 2019, Mokwena anagwirizira. Mu Disembala kalabu inabweretsa Josef Zinnbauer, ndipo Mokwena sanakhalitse pa benchi limenelo, anakapezeka ku Chippa United. Munthu amene walawa kusankha timu yekha, kumubweza kuti akayalenso ma cone pamaso pa osewera omwewo n'kovuta.

Atabwerera ku Sundowns mu 2020, Mosimane atapita ku Al Ahly, kalabu inaika Mokwena ndi Manqoba Mngqithi kukhala makochi aakulu awiri ofanana mphamvu. Zikho ankatenga, komabe mu Okutobala 2022 kalabu inasintha n'kusiya Mokwena yekha pamwamba. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Pa mphindi ya 70 pamafunika munthu mmodzi wonena kuti atuluke uyu.

Daka wa ku Mtendere:
Komatu tili ndi chitsanzo chathu chosonyeza kuti kubwerera pansi n'kotheka. Hervé Renard iye mwini anali wachiwiri wa Claude Le Roy ku Ghana asanabwere kuno mu 2008, ndipo anagwira ndi Patrice Beaumelle. Anapita limodzi ku Angola mu 2010, anabwerera limodzi mu 2011, anatenga chikho cha Africa limodzi ku Libreville pa 12 Febuluwale 2012, mapenate 8-7 pomenya Côte d'Ivoire. Mu Okutobala 2013 Renard atapita ku Sochaux, Beaumelle anatsala n'kukhala kochi wamkulu wa Chipolopolo. Mu 2014 anasiya mpando umenewo n'kutsatira Renard ku Côte d'Ivoire ngati wachiwiri, anatenganso chikho mu 2015, kenaka anapita limodzi ku Morocco. Anadzakhala wamkulu wa Côte d'Ivoire payekha mu 2020. Kusiyana kwake ndi nkhani ya Mokwena n'kwakuti Beaumelle anabwerera pansi pa munthu amene anamusankha yekha, pa timu ina, pamaso pa osewera ena.

A Lungu (Kabwata):
Pali china chimene chikukula masiku ano, ma laisensi. M'mipikisano ya makalabu ya CAF, bungwe la mpira la mu Africa, kochi wamkulu amafunika kukhala ndi laisensi ya CAF A kapena yoposa pamenepo. Kalabu imene kochi wake alibe pepala limeneli imalemba dzina la wina amene ali nalo pa fomu. Pa pepala bwana ndi uyu, pa training bwana ndi uyo. Kwa atolankhani amapita wa pepala kukayankha za zosankha zimene sanapange. Zimenezi sizitha nyengo ziwiri. Wa pepalayo adzafuna mphamvu zogwirizana ndi dzina lake, kapena kalabu ina idzamutenga chifukwa cha pepala lomwelo.

Mbewe wa ku Chilenje:
Ndiye ngati zafika poti sangagwirenso limodzi, kalabu ichite bwanji kuti timu isaonongeke?

Mai Sakala (Kamwala):
Nthawi yake ikhale yopuma ligi kapena kumapeto kwa nyengo, pokhapokha ngati pali kuba kapena kutulutsa zinsinsi. Choipa kwambiri ndi kumusiya pa benchi koma osamuitana ku misonkhano, chifukwa osewera amaona tsiku loyamba lomwe ndipo amagawikana, ena kwa uyu ena kwa uyo. Osewera amve kwa kochi wamkulu m'chipinda chovalira asanawerenge pa Facebook, ndipo kapiteni auzidwe usiku wake. Ngati pali anyamata amene wachiwiriyo anawabweretsa, kochi akambe nawo mmodzi mmodzi sabata yomweyo, apo ayi adzadziona ngati ana amasiye n'kuyamba kufuna kochoka.

Ndipo asanatuluke pa geti atule zimene zili m'manja mwake. Pa makalabu athu ambiri mavidiyo a adani, kaundula wa mphindi zimene wosewera aliyense wasewera, mndandanda wa makadi achikasu ndi zizindikiro za makona zimakhala mu laputopu kapena m'kope la wachiwiri, osati mu ofesi ya kalabu. Akapita nazo, Loweruka lotsatira mukhoza kuseweretsa munthu amene amayenera kukhala kunja chifukwa cha makadi, mapointi n'kulandidwa pa tebulo. Zizindikiro za makona zisinthidwe sabata yomweyo, dzanja limodzi m'mwamba lisatanthauzenso mtengo woyamba, chifukwa mwezi wamawa munthu yemweyo akhoza kukhala pa benchi la adani ku Nkoloma kapena ku Sunset.

Daka wa ku Mtendere:
Gulu la WhatsApp la timu nalonso. Nthawi zambiri admin amakhala wachiwiri yemweyo. Atsegule latsopano a team manager tsiku lomwelo, ndipo malipiro onse otsala alembedwe pa pepala ndi tsiku lolipira, asaine onse atatu, kalabu, kochi ndi wochokayo.